Ndikufuna kukaphunzira za miyala kuti bambo asamaberedwe

FUNSO: Zikomo bambo. Ndine mtsikana wa Fomu 3 kuno ku Mzimba. Bambo anga amakumba miyala ya aquamarine, koma ogula akabwera amangoti "uwu ngosweka, uwu mtundu wake ngofooka," n'kuwapatsa ndalama yosakwana ndi thumba la feteleza lomwe. Ndikufuna kukaphunzira jiyoloje (sayansi ya miyala ndi nthaka) ku koleji kuti ndizidziwa mtengo weniweni wa miyala. Ndiyambire pati? Amalume anga akuti imeneyi ndi ntchito ya amuna.

YANKHO: Mwanawe, za amalumewo tisatayirepo nthawi. Nyundo imene timaswera miyala kutchire ndi yopepuka kuposa ndowa ya madzi imene umasenza m'mawa uliwonse, ndipo akazi alimo kale muntchitoyi. Chimene ndikufuna tikambirane ndi cholinga chakocho, chifukwa digiri ya jiyoloje sidzakuphunzitsa kutchula mtengo wa mwala.

Zaka 4 za ku koleji zimathera pa funso lina: n'chifukwa chiyani mwalawu uli pano, osati kutsidya kwa mtsinje? Aquamarine wa bambo akoyo ndi mwala wa beryl, ndipo mtundu wake wa buluu umabwera chifukwa cha kachitsulo kochepa kamene kali mkati mwake. Amapezeka m'mitsempha ya pegmatite, imene inauma pomalizira pamene chiphalaphala cha granite chinkazizira pansi pa nthaka. N'chifukwa chake bambo akamakumba amakumana ndi quartz woyera, feldspar, ndi mica wonyezimira uja amene amasendeka ngati pepala. Ruby wa paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi wa banja lina, la corundum, ndipo amafiira chifukwa cha chromium. Pa mlingo wa Mohs, woyezera kulimba kwa miyala, ruby ali pa 9, beryl ali pakati pa 7.5 ndi 8, quartz ali pa 7. Munthu wodziwa zoterezi amayang'ana mmene mtsempha wapendekera n'kunena kumene walowera, bambo n'kusiya kukumba mayenje mongoyesa mwayi. Kwa ine thandizo limeneli ndi lalikulu kuposa kukangana ndi wogula.

Kutchula mtengo ndi luso lina, la gemmology. Kumeneko amayeza kuzama kwa mtundu, kuyera kwa mkati, ming'alu ndi kulemera (galamu imodzi ndi makarati 5), komanso amaphunzitsa kudula ndi kupukuta mwala. Maphunziro ake amakhala aafupi ndipo ungawaonjezere pamwamba pa digiri. Ndikuuziretu kuti ogula aja nthawi zina amanena zoona: ming'alu yambiri imabwera ndi kakumbidwe, anthu akamamenya ndi nyundo yaikulu kapena kuphulitsa pafupi ndi mwalawo.

Tsono poyambira ndi m'kalasi momwe ulimo. Pa MSCE pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma limbikira kwambiri masamu, chemistry ndi physics. Ana ambiri amaganiza kuti kukhoza geography n'kokwanira, kenako chaka choyamba chikuwakomola ndi masamu. Kusankhidwira kumakoleji a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa sayansi ya miyala ndi nthaka, pomwe ku MUBAS ku Blantyre kuli uinjiniya wa migodi. Zofunika pa pulogalamu iliyonse zimasinthasintha, choncho ukaziwerenge chaka chimene ukulemba fomu. Konzekeranso kuyenda: mapu a miyala amajambulidwa ndi munthu wokwera phiri dzuwa likuswa mtengo, atanyamula kampasi, nyundo ndi kabuku.

Nanga ntchito? Likulu la dipatimenti ya boma yofufuza za miyala lili ku Zomba. Makampani akufufuza miyala yokhala ndi zitsulo zofunika m'mafakitale: rutile ku Kasiya, niobium ku Kanyika kwanu komweko, ndi rare earths ku Kangankunde ku Balaka komanso paphiri la Songwe ku Phalombe. Koma ntchito za migodi zimatsatira mitengo ya kunja. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, n'kuimitsidwa mu 2014 mtengo utagwa pambuyo pa ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima m'dziko la Japan, ndipo anthu ambiri anabwerera kumudzi. Ntchito imene siuma ndi ya madzi: mjigo uliwonse wabwino umafuna munthu woloza pokumba. Palinso misewu, madamu, ndi kuchenjeza anthu za malo oopsa. Matope amene anagumuka ku Soche pa Namondwe Freddy mu 2023 ndi zivomezi za ku Karonga mu December 2009 ndi nkhani za jiyoloje zimenezo.

Tchuthi chikubwerachi pita nawo bambo kumgodi, koma usalowe m'dzenje lopanda zochirikiza. Lemba mwala umene unazungulira aquamarine aliyense, kuya kwake ndi mbali imene mtsempha ukulowera. Pezani kasikelo ka magalamu kuti muziyeza nokha ogula asanafike, muzisankhanso miyala yoyera payokha m'malo mogulitsa mulu wonse pamtengo umodzi. Uwafunsenso bambo ngati chiphaso chawo chokumbira chikugwirabe ntchito, chifukwa wokumba wopanda chiphaso amaopa kupita kwa wogula wachiwiri.