Musanagule chingwe chodula, yambani mwaona soketi

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Mwati mwagula ampulifaya yaikulu kwa munthu, ndipo mwiniwakeyo akuti kuti iimbe bwino pakufunikanso chingwe cha magetsi cha ma rand masauzande angapo. Ndalamayo ibakhala m'thumba.

Itembenuzeni kaye muwerenge zomwe zalembedwa pafupi ndi polowera chingwe. Magetsi a kuno ku South Africa ndi 230V, 50Hz, chimodzimodzi kumudzi. Ngati palembedwa 120V yokha, imeneyo inapangidwira ku America, ndipo mukangoilumikiza muona utsi. Zina zili ndi kaswichi kosinthira, zina zimafuna thiransifoma yakeyake.

Za chingwe nkhani yake njachidule. Ma ampulifaya ambiri amalowa chingwe chonga cha kompyuta chija, chotchedwa C13, chomwe chimapirira 10A, kutanthauza 2,300W. Zikuluzikulu zenizeni zimafuna C19 ya 16A. Gulani chokhuthala bwino, chokhala ndi pulagi ya kuno ya mano atatu ozungulira, basi. Ngati ili ndi pulagi ya mano amakona ngati za kwathu, sinthani pulagiyo, musailendeweretse pa adaputa. Taganizani, magetsiwa ambiri achokera kutali ku Mpumalanga, adutsa mawaya a makampani a magetsi a Eskom ndi City Power mpaka kulowa m'nyumba mwanu. Kachingwe ka mita imodzi komalizirako kangawakonze chiyani?

Nkhawa yanga ili kukhomako. Ambirife tikukhala m'zipinda za kuseri ku Rosettenville kapena ku Turffontein mu Johannesburg, komwe chingwe chimodzi chochokera m'nyumba yaikulu chimanyamula ketulo, firiji, ayironi, mu June kuonjezanso hita. Ampulifaya yotere siyenera kulimbirana malo pa multiplug ndi zimenezi. Ipatseni soketi yake ya pakhoma. Ine yanga inkang'ung'uza miyezi yambiri, ndinasintha zingwe mpaka kutopa, kufikira wamagetsi atapeza kuti waya wa earth, wotayira magetsi osochera pansi, m'soketimo sanali wolumikizidwa n'komwe. Atangoulumikiza phokoso linatha. Wina akadzakuuzani kuti muthyole dzino la earth kuti kung'ung'uzako kusiye, mukane, chifukwa chitsulo cha kunja kwa ampulifaya chikadzagwira magetsi, amene angachikhudze ndinu kapena mwana wanu. Itanani wamagetsi wa mapepala, yemwe angathe kupereka CoC, chikalata chotsimikiza kuti mawaya alumikizidwa motsatira malamulo, ndipo muyambe mwakambirana ndi eni nyumba.

Ampulifayayo ikamagwetsa breka pongoiyatsa, kawirikawiri n'chifukwa thiransifoma yam'kati imakoka magetsi ambiri kamphindi koyambako. Musaike breka yaikulu mwanokha, waya wam'khoma angatenthe.

Magetsi akathima, izimitseni ndi kuzula pulagi, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo, poti nthawi imeneyo ndi pomwe zipangizo zimapsa. Ndalama ya chingwe ija igulireni surge protector, yoteteza zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, makamaka yoika pa DB board, bokosi la mabreka lija. Ngati muli ndi inveta, onetsetsani kuti ndi ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma.

Tajambulani kumbuyo kwakeko mutitumizire, tione limodzi musanaiyatse.