Kujambula mbalame ku Zomba: yambirani pa pumbwa

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kulipira maphunziro ojambula mbalame pomwe kamera yanu ili ndi lenzi ya 18-55 yokha, komanso komwe mungayambire kuno ku Zomba. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni kaye. Maphunziro a m'holo aja amakuonetsani mabatani, koma mbalame siidikira munthu wofunafuna batani.

Yambirani ku Botanic Gardens, m'mbali mwa Mulunguzi, dzuwa likungotuluka. Pezani pokhala, dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo musamayendeyende. Jambulani apumbwa ndi njiwa mpaka mutatopa nazo. Musazinyoze, ndi zomwe zidzakuphunzitseni. Muyang'anitsitse pumbwa ali panthambi: akafuna kuuluka amayamba wanyonyomala pang'ono, nthawi zambiri amachita kaye chimbudzi, kenako ulendo. Mukazolowera kuona zimenezo, chala chanu chizidina iye asananyamuke. Kamera muyiike pa Tv kapena S (pomwe mumasankha nokha liwiro lojambulira), shutter speed (liwirolo) pa 1/1000 ya sekondi, mbalame ikakhala youluka 1/2000, ISO (mphamvu ya kamera yolandira kuwala) pa auto. Focus (pomwe kamera ikuonetsa bwino kwambiri) ikhale pa diso la mbalame. Diso likapanda kuoneka bwino, chithunzicho fufutani ngakhale nthenga zikongole bwanji.

Lenzi yanuyo ndi ya pa ukwati ndi pa chinkhoswe. Ndalama ya maphunziro ija ionjezereni mupeze lenzi ya 70-300, yokokera zakutali pafupi, ngakhale yoti wina anagwiritsapo kale ntchito.

Pomwe ndingati tulutsani ndalama osawinya ndi pa phiri la Zomba, kwa wolondolera alendo wodziwa kulira kwa mbalame. Mbali yaikulu ya phirili ndi paini wobzala, ndipo m'paini mbalame n'zochepa. Zimapezeka m'nkhalango yachilengedwe yomwe yatsalako m'mitsinje, monga chakufupi ndi Williams Falls. Anthu amachoka kunja kudzafuna Yellow-throated Apalis, kambalame kopezeka ku Malawi kokha, ndi White-winged Apalis. Timbalameti n'tating'ono, sitikhazikika, ndipo timamveka kaye tisanaoneke, ndiye panokha mutha kungomva khosi kuwawa. M'nkhalangomo ndi mwamdima, choncho lolani ISO ikwere mpaka 3200. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kukuta phiri m'mawa wonse, tengani juzi ndi kansalu kopukutira lenzi. Wina akatulutsa foni n'kuyamba kuliza mawu a mbalame mobwerezabwereza kuti iyandikire, muletseni. Imasiya chisa n'kumafunafuna mdani yemwe kulibe.

Ku nyanja ya Chilwa n'kosavutirapo chifukwa kuwala n'kokwanira ndipo mbalame ndi zikuluzikulu. Nyanjayi ili m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse. Kwerani bwato pa Kachulu, mukaona akakowa ndi zinzake zam'madzi, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi kumakhalanso zochokera ku Ulaya. Funsani kaye za madzi musanapite, paja imaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018. Asodzi musawajambule musanapemphe.

Ngati mwatsimikizabe za maphunzirowo, wokonzayo mumufunse kuti mukhala anthu angati, muyamba nthawi yanji, ndiponso ngati pomaliza adzakhale nanu pansi kuona zithunzi zanu chimodzichimodzi. Gulu likapitirira anthu 6, okhala kumbuyo amangojambula misana ya anzawo. Akakuuzani kuti pulogalamu iyamba 9 koloko ndi tiyi, amenewo akukonza msonkhano.