Humanities ku Chanco musaikane achimwene

Mwafunsa ngati mukane malo a Bachelor of Arts Humanities amene mwapatsidwa ku Chanco poti mtima wanu uli pa Law. Ayi ndithu, pitani ku Zomba. Law kumeneko salowa kungochokera ku MSCE, amafuna munthu woti waphunzirapo kale pa yunivesite kosachepera chaka chimodzi ndipo wakhoza bwino, kenako mumaaplaya n'kukalemba mayeso olowera. Ndiye Humanities yo ndi khomo lomwelo mukulifunalo.

Chaka choyamba mumalawa zambiri, Philosophy, Literature, zilankhulo, ndipo anthu amazinyoza kuti ndi zongosakaniza koma mmenemo ndi momwe mumaphunzira kuwerenga buku lonenepa osagona, kulemba essay yomveka komanso kutsutsa mfundo ndi umboni, zomwe ku Law mudzazifuna tsiku lililonse. Philosophy yo makamaka logic muigwire zolimba.

Chonde musakatayirire semesita yoyamba poti mwati mukungodutsa, ma giredi amenewo ndi omwe adzayang'ane ndipo malo ndi ochepa. Zikakanika ulendo woyamba mumapitiriza digiri yanu bwinobwino, mukhoza kudzaaplayanso mutamaliza.