Funsani Tikuyankheni: Eti ku England amapanga galimoto ndi matabwa?

Funso: Akulu, ndinaona kanema pafoni, anthu ali mufakitale ina ku England akupala matabwa ngati akukhoma mipando koma akuti ndi galimoto yothamanga akupangayo. Mnzanga akuti ndi bodza la pa intaneti. Ineyo ndine kalipentala ndiye zandizunguza mutu, zoona zimenezi? Nanga anthu amenewo ntchito yawo imayenda bwanji tsiku ndi tsiku? Ndine wowerenga wanu.

Yankho: Achimwene, mnzanuyo kamuuzeni kuti waluza. Fakitaleyo ilipo ndithu, ndi ya kampani ya Morgan, ili ku Malvern m'chigawo cha Worcestershire, mumsewu wa Pickersleigh Road, ndipo akhala pamalo omwewo kuyambira 1914. Mwini wake woyamba anali H.F.S. Morgan, anayamba ndi kagalimoto ka matayala atatu, ya matayala anayi ija amaitcha 4/4 inadzabwera mu 1936.

Komabe musamuseke kwambiri, sikuti galimoto yonse ndi thabwa ayi. Chasisi kale chinali chachitsulo, pano ndi cha aluminiyamu, injini ya galimoto yawo yotchedwa Plus Four amachita kugula ku BMW. Thabwalo ndi mafupa a bodi basi, amagwiritsa mtengo wotchedwa ash chifukwa ndi wopepuka komanso umalola kupindika osathyoka msanga, kenako pamwamba pake ndi pomwe amavekapo malata a aluminiyamu, ndiye mukaiona pamsewu simungadziwe kuti m'kati muli ntchito ya kalipentala.

Inuyo mutalowa mushedi ya matabwa simungasowe chogwira. Muli utuchi, fungo la guluu, macheka, zomangira zili mbwee. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi momwe amapangira kakhonde kokhota ka pamwamba pa tayala lakumbuyo, sadula thabwa limodzi lalikulu, amatenga timatabwa topyapyala n'kutipaka guluu, kutisanjikiza, kenako kutipanikiza m'chikombole chathabwa chakalekale chomwe chagwira ntchito zaka zambirimbiri mpaka tiume titakhota kale. Akamaliza pamenepo mafupa aja amapita kwa amisiri a malata, awa ndi a hamala, kugogoda pang'onopang'ono mpaka lata ligone bwino pathabwa, ngakhale timazenera totulutsira mpweya ta pa boneti amatiboola kamodzikamodzi munthu akuyeza ndi maso. Ukaphonya kamodzi boneti yonse yawonongeka. Kuli a penti, kulinso matelala osoka zikopa za mipando pamakina, aliyense ndi kagawo kake.

Mashedi awo anamangidwa pamalo otsetsereka, ndiye galimoto ikatha gawo lina amangoikankha ndi manja kutsikira kushedi yotsatira, palibe lamba woyenda yekha wokuthamangitsa ngati m'mafakitale akuluakulu. Pachaka amatulutsa magalimoto mazana angapo, osafika 1,000, chiwerengero chomwe mafakitale a maloboti ena amakwanitsa tsiku limodzi. Achinyamata amalowa ngati ophunzira ntchito n'kumaonera kwa akuluakulu omwe akhalamo zaka makumi, ndipo si zachilendo kupeza bambo ndi mwana wake onse akugwira momwemo. Chinanso, amagwira ntchito alendo akuwayang'ana, poti anthu amalipira kuti ayendere fakitaleyo, ogula ena amabwera kudzaona galimoto yawo ili mafupa okhaokha n'kumaijambula. Ine zondiimirira kumsana ndikugwira ntchito sindingazikwanitse, koma iwo anazolowera.

Cha mu 1990 Sir John Harvey-Jones, yemwe kale anali mkulu wa kampani yaikulu yopanga makemikolo ya ICI, anapitako ndi makamera a BBC n'kuwauza kuti asinthe kagwiridwe ka ntchito, achulukitse magalimoto ndi kukweza mitengo, apo ayi kampani igwa. Nthawi imeneyo wogula amadikira zaka galimoto yake isanatuluke. Peter Morgan, mwana wa mwini wake uja, sanamvere, dziko lonse likuonera pa TV. Mfundo zina za mkuluyo zinali zoona ndipo pang'onopang'ono anadzasintha zina, koma hamala ndi thabwa sanazitaye. Anzawo opanga magalimoto a MG fakitale yawo ya ku Abingdon inatsekedwa mu 1980, a Morgan akadali pa Pickersleigh Road, ngakhale kuti mu 2019 banjalo linagulitsa gawo lalikulu la kampani kwa Investindustrial, kampani ya ku Italy yoika ndalama m'mabizinesi.

Ndikudziwa funso lomwe likukutafunani ngati kalipentala, loti nanga thabwalo siliwola ndi mvula ya ku England ija? Masiku ano amaliviika mumankhwala lisanavekedwe malata. Zakale zija zinkawola ndithu, makamaka m'munsi mwa zitseko momwe mumakhala chinyontho, moti eni magalimoto akalewo akafuna kuwakonzetsa amayamba asakasaka mmisiri wa matabwa, makaniko amabwera pambuyo.