Hosi ya wina, thirela ya wina: nkhani ya mapulagi a magetsi

Achimwene, mwafunsa kuti ife okatenga katundu kunja timatani pulagi ya hosi (mutu wa thiraki wokoka thirela) ikapanda kugwirizana ndi soketi ya thirela. Ambirife tilibe galimoto zathuzathu. Timachita hayala hosi kwa uyu, thirela kwa uja, n'kukazikumanitsa ku Kanengo tsiku lonyamuka, ndiye vutoli silitisowa.

Musanawerenge mapini, yambani mwafunsa mphamvu ya magetsi. Mathiraki a ku Ulaya monga Scania, Volvo ndi DAF, ngakhalenso a ku China aja a Howo ndi Shacman, amayendera mavolti 24. A ku America monga Freightliner ambiri ndi a 12. Choopsa n'chakuti pulagi ya mapini 7 ya ku America, ya SAE J560, imalowa bwinobwino m'soketi ya mapini 7 ya ku Ulaya, ya ISO 1185, yomwe imatchedwanso 24N. Dalaivala amangoilowetsa n'kumati zatheka. Koma mababu a 12 akalandira 24 amapserera pomwepo, ndipo a 24 akalandira 12 amayaka mofooka moti wobwera kumbuyo usiku sawaona mpaka atafika pafupi. Magetsi ambiri a LED amalandira zonse ziwiri, koma werengani zolembedwa pa galasi lake musanakhulupirire.

Pa 24N waya woyera ndi wa ethi (wobwezera magetsi ku batire), wachikasu ndi indiketa ya kumanzere, wobiriwira ya kumanja, wofiira ndi wa mabuleki, wakuda ndi wabulauni ndi a magetsi akumbuyo. Izi n'za m'buku. Thirela yomwe yayenda zaka zambiri msewu wa ku Beira yagwiridwa ndi amisiri osawerengeka, aliyense analumikiza waya amene anali naye m'thumba tsiku limenelo. Mukatsegula kabokosi ka mawaya mupeza dzimbiri lobiriwira, fumbi, ndi mawaya atatu ofiira opita kosiyana. Mmisiri wa zamagetsi ayese pini iliyonse ndi tesita, mtundu wa waya ausiye. Ndipo mukaona kuti dalaivala akaponda buleki maindiketa akuthwanima okha, mmisiriyo ayambe waona ethi.

Mahosi atsopano a ku Ulaya amabwera ndi soketi ya mapini 15, ya ISO 12098, yomwe inaphatikiza ntchito ya mapulagi awiri akale, 24N ndi 24S. Wa 24S ndiye amanyamula magetsi obwerera m'mbuyo ndi a nkhungu. Hosi yotere ikakumana ndi thirela ya mapulagi akalewo, mankhwala ake ndi chingwe cha mphanda, mbali imodzi mapini 15, mbali inayo mapulagi awiri a 7. Ine ndimati wamalonda aliyense wochita hayala akhale ndi chakechake, azichisunga yekha. Chomwe ndimakana kwamtuwagalu ndi kudula chingwe cha mwini galimoto, kupota mawaya ndi manja n'kukulunga ndi jumbo. Zimayaka pa Kanengo, koma mvula ikakupezani mutadutsa pa Dedza fyuzi imapsa, ndipo mwini hosi adzakulipiritsani chingwe chonse.

Pulagi ya ABS (chipangizo choletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwamphamvu), ya ISO 7638, ili payokha ndipo isasewereredwe. Imeneyo ndi ya mabuleki a thirela yonyamula matani 30. Ngati hosi ndi thirela zikusiyana mavolti ndipo palibe chosinthira mphamvu, funani thirela ina. Ndalama yotayika pochedwa tsiku limodzi singafanane ndi moyo wa dalaivala ndi wa anthu oyenda m'mbali mwa msewu.

Yesani zonse katundu asanakwezedwe, wina mu kabini, inu kumbuyo mukuona ndi maso anu: buleki, kumanzere, kumanja, mahazadi. Apolisi apamsewu, kaya kuno, ku Mozambique kapena njira ya ku Songwe, akapeza thirela yozima magetsi amalipiritsa, ndipo katundu wogona panjira ndi wanu. Choncho pokambirana mtengo wa hayala, mugwirizane kuti wolipira mmisiri ndani, ndipo muzilembe.