Mafunso a Owerenga: Thanki Yoyamba ya Makorali Pamene Ndalama Zili Zochepa

Funso: Ndakhala ndikuweta mbuna m'thanki kwa zaka zingapo, ndipo tsopano mtima uli pa nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali. Ndikaona mndandanda wa zipangizo pa intaneti ndimagwa ulesi, chifukwa m'thumba mulibe zambiri. Ndiyambe kugula chiyani, nanga ndi ziti zoti zidikire kaye?
Wowerenga wa ku Lilongwe

Yankho: Yambani ndi madzi, thanki ibwera pambuyo. Mbuna zakuzoloweretsani kutunga madzi pampopi, kuchotsa klorini n'kuthira, ndipo zimakhala bwinobwino chifukwa ndi nsomba zolimba. Makorali, tizamoyo ta m'nyanja yamchere tokhala pamiyala ngati zomera, sapirira zimenezo. Madzi a pampopi ndi a pamjigo amakhala ndi phosphate, nitrate ndi silicate, nthawi zinanso mkuwa wochokera m'mapaipi. Zitatu zoyambazo ndi chakudya cha ndere, pomwe mkuwa umapha makorali ndi nkhono. Madzi akamaphwa zinthuzi zimatsalira m'thanki, ndiye mukamawonjezera a pampopi tsiku ndi tsiku zimangounjikana.

Ndalama zoyamba zipite pa sefa ya RO/DI, yochotsa zinthu zimenezi m'madzi a pampopi. Ili ndi magawo anayi: lotchinga matope, la makala ochotsa klorini, la membrane (kachikopa kotchinga zosungunuka m'madzi), ndi la resin yotola zotsalira. Gulaninso kamita ka TDS koyezera zosungunuka zotsalira m'madzi, n'kotchipa. Madzi otuluka azisonyeza 0, ndipo akayamba kusonyeza 1 kapena 2 dziwani kuti resin yatha. Sefayi imafuna madzi amphamvu, 3 mpaka 4 bar. Kumene mpopi umangodontheza mufunika kapampu kokankhira madzi, apo ayi membrane sigwira bwino ntchito ndipo resin izitha msanga. Pa lita iliyonse yabwino imataya malita atatu kapena anayi. Atungeni, muzithirira maluwa kapena kukolopera.

Chachiwiri ndi mchere wopangidwira ntchito imeneyi, monga Instant Ocean, Red Sea, Tropic Marin kapena Aquaforest. Uliwonse mwa imeneyi ndi wabwino kwa woyamba kumene, tengani umene mungamaupeze nthawi zonse. Lita imodzi ya madzi imadya magalamu 36 mpaka 38 a mchere. Thanki ya malita 150, mukaidzaza koyamba n'kumasintha malita 15 mlungu uliwonse, idya makilogalamu oposa 30 pachaka. Werengerani zimenezi musanagule galasi, chifukwa mcherewu ndi wochokera kunja, ndipo kuubweretsa ku Lilongwe kuchokera ku South Africa kumalipiritsa potengera kulemera kwake. Ngati mulibe njira yodalirika yoti mchere uzikufikani, tikulangizani kuti mukhale kaye pa mbuna zanu. Anthu a ku Ulaya ndi ku America amazigula modula nsomba zomwezo.

Posakaniza, thirani mchere m'madzi, osati madzi mu mchere, chifukwa mukatero calcium imagwirana n'kusanduka ufa woyera wosasungunuka. Gwiritsani ntchito ndowa yatsopano yosakhudzapo sopo, ikanimo kapampu kavundule kwa maola angapo kapena usiku wonse, muyeze kenako muthire. Mchere wouma usathiridwe m'thanki momwe muli zamoyo.

Chachitatu ndi refractometer yoyezera kuchuluka kwa mchere, pamodzi ndi kabotolo ka madzi a 35 ppt koichunira. Mulingo wofunika ndi 35 ppt (magawo 35 a mchere pa 1,000 alionse), kapena kuti 1.025 mpaka 1.026 pa muyezo wa kulemera kwa madzi. Choyezera chapulasitiki chokhala ndi muvi chimanama, timathovu tikamatirira pamuviwo. Onjezani zoyezera ammonia, nitrite ndi nitrate (zoipa zochokera ku ndowe za nsomba ndi zowola) poyambira, ndi za alkalinity (kuchuluka kwa carbonate imene makorali amamangira mafupa awo) makorali akalowa. Za Salifert ndi zodalirika ndipo sizodula kwambiri. Alkalinity ikhale pakati pa 7 ndi 9 dKH, calcium 400 mpaka 450 ppm, magnesium 1250 mpaka 1350 ppm.

Zoti zidikire: skimmer (chipangizo chochotsa zinyalala m'madzi kudzera m'thovu), sump (kathanki kosefera koikidwa pansi pa thanki), mapampu othira mankhwala okha, nyali ya UV ndi makompyuta oyang'anira thanki. Chaka choyamba mutha kuchimaliza popanda ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Funso: Ndaona thanki yogwirapo kale ntchito pa Facebook, ya malita 400, pamtengo wabwino. Mnzanga akuti ndigule kakang'ono ka malita 30 kuti ndiphunzirirepo. Wolondola ndani?
Wowerenga wa ku Johannesburg

Yankho: Nonse mwaphonya. Kathanki ka malita 30 n'kotchipa pogula koma n'kovuta kusamala. Lita imodzi yokha ikaphwa, mchere wakwera kale ndi magawo atatu pa 100 alionse, ndipo nkhono imodzi ikafera kuseri kwa mwala imaipitsa madzi onse usiku umodzi. Ya malita 400 nayonso mtengo wake weniweni suli pa galasi: ifuna nyali ziwiri kapena zitatu, miyala yambiri, ndi malita 40 a madzi atsopano mlungu uliwonse.

Pakati pa malita 75 ndi 150 ndi pabwino. Ya masentimita 90 m'litali, 45 m'lifupi ndi 40 msinkhu imanyamula malita pafupifupi 150, ndipo kufupika kwakeko kumathandiza kuti kuwala kufike pansi popanda nyali yodula. Mathanki otchedwa all-in-one, okhala ndi kachipinda kumbuyo koikamo pampu, hita ndi thonje losefera, amakupulumutsani ku ntchito yoboola galasi ndi kulumikiza mapaipi.

Mukamagula yogwirapo kale ntchito, funsani ngati munathiridwapo mankhwala a mkuwa ochizira nsomba. Galasi limatsukika, koma miyala ndi mchenga zochokera m'thanki yotero musatenge ngakhale akupatseni ulere. Yang'anani silikoni wa m'makona: ngati akusupuka kapena ali ndi thovu pakati pa magalasi, isiyeni. Idzazeni madzi panja kwa masiku awiri kapena atatu musanailowetse m'nyumba. Mukapangitsa kwa wodula magalasi, ya kukula kumeneku ifuna galasi la mamilimita 8 ndi chopingasa pamwamba, ndipo silikoni akhale wa mathanki a nsomba. Wa m'bafa amaikamo mankhwala ophera nkhungu, omwe amaphanso zamoyo za m'thanki.

Ikadzaza ilemera makilogalamu pafupifupi 200. Tebulo la chipboard limafufuma likanyowa, lachitsulo limachita dzimbiri msanga ndi mchere ngati silinapakidwe bwino. Kalipentala akupangireni la matabwa olimba, lopaka vanishi, ndipo likhale lolingana mbali zonse.

Funso: Nyali zina zikudula kuposa thanki yomwe. Kodi n'zofunikadi? Nanga skimmer, poti aliyense akuti popanda iyo zonse zifa?
Wowerenga wa ku Leeds

Yankho: Makorali ambiri amadya kudzera m'tizomera tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, tokhala m'thupi mwawo, ndipo timafuna kuwala kokhala ndi buluu wambiri. Nyali ya thanki ya mbuna siikwanira. Koma kuchuluka kwa kuwala kumatengera zomwe mukufuna kuweta. Makorali ofewa ndi a mtundu wa LPS (a mafupa olimba ndi mnofu waukulu) amakula bwino pa mulingo wa PAR (muyezo wa kuwala kofika pa korali) 50 mpaka 150, pomwe Acropora ndi anzake a SPS (a mafupa olimba ndi mnofu wochepa) amafuna 200 mpaka 350. Woyamba kumene alibe chifukwa chogulira kuwala kwa Acropora. Nyali ya LED ya mtengo wapakati, monga Nicrew kapena Viparspectra, ndi yokwanira, bola ikhale yotha kuchepetsa mphamvu ndiponso yochuna buluu ndi zoyera padera. AI Prime yogwirapo kale ntchito ndi yabwinonso, koma imodzi siunikira bwino thanki yonse ya masentimita 90.

Oyamba kumene ambiri amawononga makorali ndi kuwala kochuluka, osati kochepa. Yambirani pa 30 kapena 40 peresenti ya mphamvu ya nyali, maola 8 mpaka 10 patsiku, muzikweza pang'ono mlungu uliwonse. Korali ikamayezuka, kuwala kwachuluka. Ikamatalika mofunafuna kumwamba ndi kuderako, kwachepa.

Pamene simuyenera kuumira ndi pa mapampu oyendetsa madzi, otchedwa wavemaker. Korali siyenda, ndiye madzi ndi amene amaibweretsera chakudya ndi kuichotsera zinyalala. Mufunika kuti pa ola limodzi madzi azungulire maulendo 20 mpaka 30 a kukula kwa thanki, kutanthauza malita 3,000 mpaka 4,500 pa thanki ya malita 150. Mapampu awiri aang'ono oyang'anizana amaposa imodzi yaikulu, ndipo imodzi ikafa inzake imagwiriziza. A Jebao ndi otchipa ndipo amagwira ntchito; aviikeni mu viniga kapena citric acid miyezi iwiri kapena itatu iliyonse kuti laimu asawaumitse. Musalozetse pampu pa korali penipeni, imasupula mnofu.

Za skimmer akukokomeza. Pa thanki yosaposa malita 150, yokhala ndi nsomba zinayi kapena zisanu zazing'ono, kusintha 10 peresenti ya madzi mlungu uliwonse ndi kusintha thonje losefera kawiri pamlungu kumakwanira. Muiganizire pokhapokha nitrate ikamapitirira 20 ppm ngakhale mukusintha madzi.

Funso: Kwathu magetsi amazimazima, ndipo mu Okutobala m'nyumba mumatentha kwambiri. Kodi ndingathe?
Wowerenga wa ku Blantyre

Yankho: Mungathe, koma batire ilowe m'bajeti kuyambira tsiku loyamba, ngakhale zitanthauze kugula nyali yotsikirapo. Magetsi akazima, chopha msanga si mdima kapena kuzizira, ndi kutha kwa okosijeni. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa poyerekeza ndi a m'nyanja yathu, akatentha amasunga wocheperapo, ndipo nsomba, makorali ndi mabakiteriya onse akupuma womwewo. Madzi akaima maola ochepa chabe nsomba zimayamba kupuma mwabefu.

Choti chisaime ndi pampu imodzi yogwedeza pamwamba pa madzi. Wavemaker yaing'ono imadya mawati 10 mpaka 15. Batire ya 12V 100Ah, ngakhale mutagwiritsa theka lokha la mphamvu yake monga zimafunikira pa mabatire a lead, ili ndi 600Wh, zokwanira kuyendetsa pampuyo kuposa tsiku lathunthu. Hita ya mawati 150 ingamalize batire yomweyo m'maola anayi, choncho musailumikizeko. Kukazizira fundikani thanki ndi bulangete. Nyali zikhoza kukhala zozima masiku awiri kapena atatu makorali osavulala. Sungani kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi ngati chitetezo chomaliza.

Madzi akhale pakati pa 24 ndi 26°C. Akakhalitsa pa 29 kapena 30, makorali amatulutsa tizomera tawo tija n'kuyera mbee. Chiller, makina oziziritsa madzi, ndi yodula ndipo imadya magetsi ambiri. Yambani ndi fani yaing'ono youzira pamwamba pa madzi, yomwe imatsitsa kutentha ndi digiri imodzi kapena awiri, ikani thanki kutali ndi zenera, ndipo m'nyengo yotentha yatsani nyali madzulo. Fani imachulukitsa kuphwa kwa madzi, mwina malita awiri kapena atatu patsiku. Matani tepi pagalasi posonyeza mulingo, muziwonjezera madzi a RO/DI opanda mchere tsiku lililonse, chifukwa chouluka ndi madzi okha, mchere umatsala. Kachipangizo kowonjezera madzi kokha, ka ATO, ndi kamene muyambe kugula ndalama zikapezekanso.

Mu Juni ndi Julayi hita ifunikabe, pafupifupi wati imodzi pa lita. Ziwiri za mawati 75 n'zabwino kuposa imodzi ya 150, chifukwa hita ikawonongeka kawirikawiri imakanirira ili yoyaka. Kachipangizo ka Inkbird kodula magetsi kutentha kukapitirira n'kotchipa poyerekeza ndi zomwe kamateteza. Ndipo poti madzi amchere amadutsa magetsi mosavuta, soketi ikhale ndi earth leakage (chodula magetsi akayamba kudutsa m'madzi kapena pamunthu), nthambo iliyonse itsike kaye m'munsi isanakwere kukalowa m'soketi kuti madontho asatsatire nthamboyo.

Funso: Kodi mchere wa kukhitchini ndi mchenga wa ku Senga Bay sizingathandize kuchepetsa mtengo?
Wowerenga wa ku Salima

Yankho: Ayi. Mchere wa ndiwo ndi sodium chloride basi, mulibe calcium, magnesium ndi carbonate zomwe makorali amamangira mafupa awo. Mchenga wa kunyanja umabwera ndi matope ndi zowola. Gulani wa aragonite (mchenga wa calcium carbonate wa mathanki amchere), muyale masentimita awiri kapena atatu, kapena musaike mchenga n'komwe. Miyala ikhale youma ya mathanki amchere, yopepuka ndi ya timabowo tambiri, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 10 alionse. Miyala imeneyi ndiyo sefa yeniyeni, chifukwa mabakiteriya ochotsa zoipa za m'madzi amakhala m'timabowomo.

Funso: Zonse ndagula, madzi ali mbee. Ndiike nsomba liti, ndipo ziti? Mwana wanga akulirira blue tang.
Wowerenga wa ku Cape Town

Yankho: Kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti akonzeka: mabakiteriya ochotsa ammonia ayambe achuluka nsomba zisanalowe. Thirani ammonium chloride mpaka ammonia ifike 2 ppm, onjezani mabakiteriya a m'botolo, nyali zikhale zozima, muziyeza masiku awiri kapena atatu alionse. Ammonia itsika, nitrite ikwera kenako n'kutsika, nitrate iyamba kuoneka. Zimatenga milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ammonia ndi nitrite zikafika pa 0, sinthani madzi ambiri ndipo muike nsomba ziwiri zokha. Zina zizilowa imodziimodzi, motalikirana milungu iwiri kapena itatu. Fumbi lofiirira lomwe lidzakute mchenga m'mwezi woyamba ndi ma diatom, mtundu wina wa ndere, amatha okha; musathamangire mankhwala.

Yambani ndi ma clownfish awiri a ocellaris oswedwera m'thanki, kenako royal gramma kapena firefish. Firefish imalumpha, ndiye pamwamba pakhale ukonde. Mwanayo mumupepese: blue tang imakula mpaka masentimita 25 kapena kuposerapo ndipo imafuna thanki yotalika pafupifupi mamita awiri. Mandarin nayo imafa ndi njala m'thanki yatsopano, ndipo anemone (chamoyo chofewa chooneka ngati duwa, mokhala ma clownfish) idikire mpaka thanki itakwanitsa chaka.

Nsomba yatsopano iyambe yakhala milungu inayi m'kathanki kapadera ka malita 40 kokhala ndi hita ndi sefa ya siponji. Matenda a timadontho toyera akalowa m'thanki ya makorali simungathiremo mankhwala a mkuwa. Muyenera kutulutsa nsomba zonse n'kusiya thanki yopanda nsomba kwa milungu 10 kapena 11.

Makorali oyambira ndi ma mushroom, leather, zoanthid ndi green star polyps, otsirizawa pamwala wawokha chifukwa amayanga ponseponse. Gulani tizidutswa tating'ono kwa anzanu oweta, n'totchipa ndipo tinazolowera kale moyo wa m'thanki. Ma zoanthid ndi Palythoa ena ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin: valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso powagwira, ndipo mwala umene anamerapo musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha, nthunzi yake yagonekapo anthu m'chipatala. Makorali a mafupa olimba ali pa mndandanda wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa), choncho kuwadutsitsa malire kumafuna mapepala ochokera kwa wogulitsa, ndipo kuthyola makorali kugombe la Durban kapena la Mozambique popanda chilolezo ndi mlandu. Amene ali ku Malawi ayambe afunsa ku Dipatimenti ya Usodzi za chilolezo cholowetsera zamoyo za m'madzi asanalipire kalikonse.