Timadontho tinayi tija ndi chinthu chimodzi

Achimwene, mwafunsa ngati chithunzi chija cha timadontho tinayi towala tozungulira kena kapakati n'chenicheni kapena n'chopanga pa kompyuta. N'chenicheni ndithu. Amachitcha Einstein Cross, ndipo John Huchra ndi anzake ndiwo anachitulukira mu 1985. Timadontho tinayito ndi quasar imodzi yokha, kungoti tikuiona kanayi.

Quasar ndi pakatikati pa mlalang'amba (gulu lalikulu la nyenyezi zankhaninkhani) wakutali zedi, pamene pali black hole yaikulu (malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) yomwe ikumeza mpweya ndi fumbi. Zinthuzo zisanamezedwe zimatentha n'kumawala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo. Tsono pakati pa ife ndi quasar ija pali mlalang'amba wina wapafupi, kadontho kapakati kaja. Kulemera kwake kumakhotetsa njira ya kuwala. Kuwala komwe kukanatiphonya kumakhota n'kudzatipeza, kwina kudzera uku, kwina uko, ndipo telesikopu imajambula kadontho kulikonse komwe kuwalako kwatulukira.

Mwina mukumbukira nkhafi yooneka ngati yothyoka m'madzi ku Senga Bay. Zikufananako, koma pa nkhafi pali madzi. Kumwambako kulibe madzi kapena galasi, ndi mphamvu yokoka basi. Einstein anazifotokoza mu 1915, ndipo mu 1919 Arthur Eddington anakayeza pa kadamsana ku chilumba cha Príncipe, kuno ku Africa, n'kupeza nyenyezi za pafupi ndi dzuwa zikuoneka ngati zasuntha pamalo pake.

Koma chimene chinandigwira mtima ine n'china. Tiyerekeze maminibasi awiri anyamuka nthawi imodzi pa Nkhotakota kupita ku Lilongwe, ina kudzera kuno ku Salima, ina kudzera ku Ntchisi. Sangafike limodzi. Kuwalanso n'chimodzimodzi. Quasar yoyamba kuoneka kawiri anaipeza mu 1979 Dennis Walsh, Robert Carswell ndi Ray Weymann ku Kitt Peak, ku Arizona. Quasar siwala mofanana nthawi zonse, imati kuwala kwambiri, kenako kuzirala pang'ono. Akatswiri atalondola quasar yooneka kawiriyo kwa zaka anaona kuti kadontho kamodzi kakawala, kanzake kamabwereza zomwezo patapita masiku pafupifupi 417. Chaka chathunthu ndi miyezi pafupifupi iwiri! Zinthu ziwiri zosiyana sizingatsanzirane choncho, ndipo galasi la kamera lowonongeka silingachedwetse kuwala chaka.

Kuchedwa kumeneku kuli ndi ntchito. Sjur Refsdal wa ku Norway anali ataonetsa kale mu 1964 kuti kungathandize kuyeza liwiro limene chilengedwe chikufutukukira, ndipo lero akuyezeradi momwemo. Komanso akawerengetsa kulemera kofunika kuti kuwala kukhote motero, nyenyezi zooneka zimaperewera. Chotsalacho ndi chija amati dark matter, chinthu cholemera koma chosawala.

Musavutike kufunafuna Einstein Cross ndi maso usiku kunyanja. Ili chakumene kuli gulu la nyenyezi lotchedwa Pegasus, koma timadonthoto n'tozirala ndiponso toyandikana kwambiri, moti pamafunika telesikopu yaikulu kuti tioneke padera.